Ana awa akutiwonongera msika

Pali mliri wina umene a zaumoyo sanaulengeze, ndipo ukugwira achinyamata okhaokha: kugwira ntchito yaulere. Kudera kwathu wafika kale. Anyamata ndi atsikana, ena oti madigiri awo akugona m'masutikesi, amadzuka Loweruka mbandakucha ndi makasu, mafosholo ndi wilibala, kukatsegula ngalande. Mukawafunsa kuti akulipirani ndani, amangoseka.

Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndinakulira m'mawekishopu. A m'badwo wathu timalidziwa dongosolo la chitukuko. Poyamba pamakhala msonkhano ku Mponela kapena kunyanja ku Mangochi, tiyi wa 10 koloko, nkhomaliro ya nkhuku, kenako kusayina pepala lija la alawansi. Za ngalande timakambirana tsiku lomaliza, nthawi ikakhalapo. Tsono ana awa akamayambira ku ngalandeko, ife akuluakulu tidya chiyani?

Mtsogoleri wa gululi ndi mwana wa mlongo wanga, amene fizi yake ndinalonjezapo kangapo kuti ndithandiza. Nditamuitana kuti ndimulangize, iye ndiye anayamba kundiphunzitsa.

"Amalume, ku Rwanda Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse kumakhala Umuganda. Aliyense wa zaka 18 mpaka 65 amatuluka m'mawa kukasesa, kukonza misewu, ngakhale kumangira nyumba osauka."

Ndinawerengetsera zala chamumtima, n'kupeza kuti ngakhale ku Kigali akanandigwirabe. Ndinangoti kumeneko ndi lamulo, si kudzipereka.

"Nanga ku Estonia? Mu 2008 anthu pafupifupi 50,000 anatola zinyalala dziko lonse tsiku limodzi, popanda wowakakamiza."

Ndinamufotokozera kuti kumeneko kumazizira koopsa, anthu amagwira ntchito pofuna kutenthetsa thupi. Kenako ndinatulutsa mfundo yanga yaikulu, yakuti ntchito yosalipidwa ndi thangata, ndipo John Chilembwe anafera zomwezi mu 1915. Mwanayo anayankha mwaulemu kuti thangata anali wolimira mzungu mokakamizidwa ku Magomero, pamene ngalande iyi ndi yomwe imalowetsa madzi m'khitchini mwanga dzinja lililonse. Ana a masiku ano amawerenga mopitirira muyeso.

Musandiyese mlesi. Nthawi ya Kamuzu, pa Youth Week, ndinatumikira dziko langa mokhulupirika: anzanga akamalambula msewu, ine ndinkalondera zakudya zawo. Mu Novembala 2020 a Lazarus Chakwera atakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndinali m'gulu la oyambirira kujambulitsa nditagwira tsache. Chithunzicho chikadali pa Facebook, ndipo tsachelo likadali latsopano.

Pali pamodzi pokha pamene mkangano wanga umaphwa mpweya. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, amene anayamba kufukula anthu m'matope ku Chilobwe, ndi makasu komanso manja enieniwa, ambiri anali achinyamata omwewa, ndipo panalibe anafunsa za pepala losayina. Ine gawo langa linali la mauthenga. Pa WhatsApp palibe gulu limene silinalandire "tiwapempherere" wanga.

Choncho Loweruka lapitali ndinadzipereka ngati mlangizi. Ndinatenga mpando n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kumalozera ndi ndodo poyenera kukumba. Ulangizi ndi ntchito yolemetsa, khosi limauma. M'ngalandemo munatuluka majumbo, mathewera, mabotolo, kenako mulu wa mapaketi a Chibuku pafupi ndi geti inayake. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Kodi bambo, geti iyi ndi ya ndani?" Ndinayankha kuti kufufuza koteroko kumagawanitsa mudzi. Posakhalitsa fosholo inavuula nsapato yanga imene ndinakadandaula kwa amfumu chaka chatha kuti andibera. Mayi a kunyumba, amene anabwera ndi thobwa la ogwira ntchito, anaizindikira ali patali, ndipo anatchula mwini wake mokweza. Thobwalo ine sanandigawire. Akuti linali la otuluka thukuta.

Mwezi wamawa gululi likuti likakumba dzenje la chimbudzi kusukulu ya pulayimale, ndipo mayi a kunyumba andilembetsa kale dzina, pamodzi ndi piki yanga. Ndafunsa ngati padzafunike munthu wotsegulira mwambowo ndi pemphero lalitali. Akuti m'busa alipo kale, nayenso adzabwera ndi fosholo.