Ulemu kwa Mayi Namasupuni, Bwana Wosachotsa Munthu Ntchito

Dziko lino limadziwa kupereka mendulo. Oyimba alandira, osewera mpira alandira, ngakhale alimi a fodya anawaombera m'manja. Koma mpaka lero palibe amene wakumbukira mayi amene agwira ntchito pa mtsinje wa Shire usana ndi usiku kwa zaka zoposa 50, osapemphapo alawansi kapena kudwalapo. Ndikunena Mayi Namasupuni, ndipo popeza akuluakulu ali chete, ulemuwo ndiupereka ndine.

Tiyambe ndi kwawo, poti munthu wolemekezeka amadziwika ndi kochokera. Mayiwa ndi a ku South America, m'chigwa cha mtsinje wa Amazon, ndipo sanachokeko mozemba. Anthu anachita kuwanyamula okha chifukwa cha kukongola. Mu 1884 anaonetsedwa pa chionetsero chachikulu mumzinda wa New Orleans ku America, ndipo posakhalitsa mitsinje ya ku Louisiana ndi Florida inali itatsekeka. Kuno anaonekera koyamba kunsi kwa Shire cha m'ma 1960, kenaka anakwera mpaka ku Malombe. Amene anaonapo duwa lawo sangawadzudzule onyamulawo. Ndi lofiirira motuwira, ndipo kumtunda kwake kuli kadontho kachikasu kozunguliridwa ndi buluu. Tsamba ndi losalala, lonyezimira, ndipo phesi lake ndi lotupa ndi mpweya, moti mayiwa amayenda pamadzi popanda bwato, popanda nkhafi, popanda dizilo.

Pa nkhani ya kubereka, palibe wofanana nawo. Madzi akakhala ofunda ndi a chonde, malo amene aphimba amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. Samadikira ukwati: amangotulutsa kamphukira m'mbali, pa nsonga pake pabadwa mwana, mwanayo naye atero, onse atagwirana manja. Ukawazula onse n'kuwatentha, njere zawo zimagona m'matope zaka 20 kudikira kuti ukalambe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma anali asanakumane ndi mlendo uyu.

Ukulu wawo weniweni uli pa kulemba anthu ntchito. Andale amalonjeza ntchito pa msonkhano, Mayi Namasupuni amapereka osalankhula. Kulikonse kumene afika, kaya ndi pa nyanja ya Victoria, pa Kafue ku Zambia, pa Chivero ku Zimbabwe, pamapezeka anthu olembedwa kwa miyezi yowerengeka kuti aziwalondalonda. Taganizani za mnyamata wa ganyu yotere m'paki ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 kuti njovu, mvuu ndi ng'ona zikhale pa mtendere. Alendo odzaona nyama amalipira ndalama zambiri kuti akwere bwato pa Shire. Iye amakwera mwaulere, m'bandakucha, atanyamula kope, pensulo, chingwe choyezera ndi kachipangizo ka GPS. Ena onse akuloza njovu ikusamba, iye wawerama m'mphepete mwa bwato, watsomphola chitsamba chimodzi, mizu yake yakuda ikuchucha madzi pa buluku. Ayeza phesi, alemba. Atembenuza tsamba, awerenga timabala, alemba. Akanula pakati pa mapesi ndi chala kufuna kachilombo kobisala, uku diso lina lili pa chipika chimene chaoneka ngati chaphethira.

Timabala timeneto tili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri anabweretsa kuno mitundu iwiri ya tizilombo ta m'gulu la nankafumbwe, totchedwa Neochetina, tochokera kwawo komweko kwa mayiwa. Takulutakulu timadya masamba usiku, mphutsi zake zimaboola mapesi, madzi n'kulowa, chitsamba n'kumira. Kuwerenga timabala ndiko kudziwa ngati tizilomboto tikugwiradi ntchito. Onani kukoma mtima: mayi kulola kuti adani awo awatengere pa ndege, awawete, awawerenge mwezi ndi mwezi, ndipo owerengawo azilandira malipiro. Ganyu ikatha, mnyamata uja amapereka lipoti losonyeza pamene mayiwa anali. Pofika tsiku lowerenga lipotilo, mphepo yawasamutsira kale tsidya lina, ndipo chaka chamawa pafunikanso munthu. Ndi bwana uti amene amasamala wantchito wake chotere?

Ozula nawonso sanaiwalidwe. Thupi la mayiwa pafupifupi lonse ndi madzi, magawo 95 pa 100 alionse. Choncho munthu amene watuwa nawo msana tsiku lonse, kukoka ndi kuunjika pamtunda, wagwira ntchito yotunga Shire n'kumuthira pa gombe. Mulu umene dzulo unali wofika m'chiuno, dzuwa likauwomba masiku angapo umatsala wongokwana m'manja.

Aliponso amene anayesa nzeru zina. Mu 1910, phungu wina wa ku Louisiana, Robert Broussard, anapempha nyumba ya malamulo ya America kuti aitanitse mvuu kuchokera ku Africa, zikadye namasupuni, anthu azidya mvuuzo. Ganizolo linafera m'nyumba momwemo. Akanangobwera ku Liwonde akanaona yankho ndi maso: mvuu zambirimbiri zitamira pakati pa mayiwa, zina zitawasenza pamutu, dzuwa likalowa n'kutuluka kukadya msipu kumtunda.

Musaganize kuti ntchito zawo zimathera m'paki. Mvula ikagwa, madzi akakwera, Mayi Namasupuni amasonkhanitsa anzawo, udzu, mabango ndi zinyalala, n'kuyamba ulendo wotsika. Pa Liwonde, pafupi ndi Kamuzu Barrage, anthu anawatchingira chotchinga choyandama, ndipo pali makina owakolola pamadzi ndi malole owatuta. Nduna zimene zimalandiridwa ndi zida zotere n'zowerengeka. Opulumuka pamenepo amapitirira kukacheza ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Akakakamira pa zitsulo zosefa madzi, makina amapumula, nafenso timapumula. Wayilesi ya kanema izima, foni itha moto, ndipo bambo amene anaiwala kuti mwana wawo ali Sitandade chani amapezeka akucheza naye pa khonde. Ogulitsa makandulo ndi makala sanena poyera, koma mumtima amadziwa amene amawadyetsa.

Za kuchereza alendo ndiye musanene. Pansi pa mthunzi wawo udzudzu umaswana mosatekeseka, nkhono za likodzo zimapeza pogwira, njoka ndi ng'ona zimapeza pobisala. Onse amalandiridwa, sasankha mtundu. Nsomba nazo amaziteteza kwa asodzi, pakuti bwato silidutsa ndipo ukonde sulowa. N'zoona kuti akaphimba madzi kuwala sikufika pansi, mpweya umachepa, ndipo chambo ndi makumba zimathawa kapena kufa. Koma zimafa zili mfulu, osati m'chiwaya. Msodzi wa ku Malombe kapena ku Elephant Marsh akabwerera chimanjamanja, aziti wathandiza kusamala zachilengedwe.

Otsutsa amati mayiwa ndi akuba, atilanda mtsinje. Apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Mayi Namasupuni sanathyolepo nkhokwe ya munthu. Amadya zokhazo zimene tawatumizira: feteleza wokokoloka m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi, dothi lochokera m'mapiri amene tinawameta mpala, zonyansa za m'matauni zimene timati zikalowa mumtsinje zatha. M'madzi oyera amakhala onyentchera, timasamba tating'ono, osaopsa aliyense. Kunenepa kwawo konse ndi ife. Ndiye mwina mnyamata wa kope uja akuyeza ife amene, kungoti ife sitilola kutsompholedwa n'kuyang'anidwa kumizu.

Choncho ndikupempha a komiti ya mendulo kuti chaka chino asawadumphenso. Mwambo wake usavute: palibe kubwereka holo, palibe kutumiza galimoto. Ingosankhani tsiku lililonse la mu Januwale, mukaime pa mlatho wa Liwonde, adzabwera okha ndi abale awo onse. Zolankhula zikhale zazifupi, chifukwa zokuzira mawu zimayendera magetsi.