Atsibweni ndi chitini cha ma ngwee

Atsibweni a ku Shikoswe, m'tauni ya Kafue, tsopano akudzitcha wosunga ndalama zamtengo wapatali. Anawalonga ufumuwu ndi mayi wa pa kantemba. Atsibweniwo anapita kukagula machesi atafumbata ma 10 ngwee, mayiyo n'kuwabwezera m'manja: "Atate, izi kaseweretseni nsolo."

Tindalamati tinabwera mu Januwale 2013, Bank of Zambia itadula maziro atatu pa kwacha, K50 yakale ija n'kusanduka 5 ngwee. Masitolo akuluakulu amatipereka pa chenji osaphethira n'komwe, koma yesani kumupatsa kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka, mudzatsikira pa Chilanga. Choncho timangounjikana m'chitini cha mkaka kunsi kwa bedi.

Mtima wa atsibweni unakhala pansi mdzukulu atawafotokozera za ku America. Kumeneko kuli anthu amene amasonkhanitsa tindalama tozungulira totchovera juga m'makasino, ndipo ali ndi bungwe lawo kuyambira 1988. Kasino ikafa, ngati Dunes ya ku Las Vegas imene anaiphulitsa mu 1993, tindalama take timasiya kugwira ntchito, ndipo m'pamene osungawo amayamba kutilimbirana.

Atsibweni anawomba m'manja. Kani ndalama yosagula kanthu ndiye chuma?

Chiyambire tsikulo, Loweruka lililonse amayala chitenje pakhonde n'kumapukuta ma ngwee ndi phulusa, ma 5 uku, ma 10 uku, odzimbirira pawokha poti amenewo akuti ndi "osowa". Ana aletsedwa kuseka. Mayi a kunyumba akanena kuti ufa watha, yankho ndi limodzi: "Mayi a ana, pirirani, ogula akubwera kuchokera ku Las Vegas." Mayiwo apirira ndithu, chitinicho amatchingira chitseko kukachita mphepo.

Imene siifika m'chitinimo ndi K1 yachitsulo. Iyo ili ndi mwini wake, makina a juga a bonanza amene ali m'timabala ndi m'tuntemba. Pamenepa atsibweni saseka. M'tauni imene anthu ankadzukira kukaluka nsalu ku Kafue Textiles ndi kukapanga feteleza ku Nitrogen Chemicals of Zambia, anyamata a mphamvu zawo akudzukira kukadyetsa bokosi lowala, ndipo amene amapereka chilolezo cha mabokosiwo amadziwa bwino kuti ndalamazo n'zandiwo.

Pofuna kuthandiza kafukufuku, atsibweni anaponyamo 10 ngwee imodzi. Makinawo anailavula.