Tulo Tidasochera Khomo

Pa mphatso zonse zimene Namalenga adagawira ana a anthu, sindidziwa ina imene idagawidwa mokondera monga tulo. Pakuti ife akuluakulu, amene tili ndi lendi yoti tilipire, ngongole zoti tizizembe ndi fizi yoti tiisake pansi ndi pamwamba, timagwidwa nato paliponse pamene msana wapeza potsamira, kaya m'minibasi, kaya pa siwa, kaya m'tchalitchi abusa asanafike n'komwe pa mutu wachiwiri wa ulaliki, pamene ana athu, amene sadziwa mtengo wa thumba la makala ndipo palibe wakatapila amene akuwafunafuna, amakhala chigonere pamphasa maso ali gwa kufikira agalu a m'mudzi atatopa kuuwa.

Sindikunena za m'maluwa ayi. Ine mlembi wa danga lino, kalaliki wosatchuka wa ku Limbe, wogona m'nyumba ya lendi ku Bangwe, ndili ndi ana awiri a sukulu: Tadala, mtsikana wa zaka 13 amene ali mu Sitandade 8, ndi mlongo wake Mphatso, wa zaka 8, amene tsiku lina adabwera ndi kope lake lili ndi mawu a inki yofiira akuti mwanayu amawodzera m'kalasi, kholo libwere. Mayi a kunyumba atawerenga, adandipatsira kopelo ndi manja awiri, mwa ulemu wonse umene adaphunzitsidwa kwawo ku Ntcheu, nati, "Abambo a Tadala, mupite ndinu, pakuti nthenda yowodzera pagulu kwathu kulibe, imeneyi ndi ya kuchimuna." Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho ndidavala jekete ndi kupita.

Aphunzitsi adanditumiza kuchipatala, kumene dokotala wachinyamata, woti n'kukhala mphwanga, adandiuza kuti ku America kuli bungwe la akatswiri a tulo lotchedwa American Academy of Sleep Medicine (inde, kuli anthu amene amadya za tulo, ndipo ine pamenepo ndidaona kuti ndidaphonya maitanidwe anga), ndi kuti bungwelo lidalengeza mu 2016 kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 ayenera kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Pobwerera ndidawerengetsa ndi zala. Belu la kusukulu limalira 7:30 m'mawa; mwana amene ayenera kusesa pabwalo, kukatunga madzi, kusamba, kumwa phala ndi kuyenda wapansi adzuke 5:30; ndipo kuti akwanitse maola 10 ayenera kukhala atatseka maso pofika 7:30 madzulo, nthawi imene m'nyumba mwanga madzi a nsima amakhala asanayambe kulira pambaula, ine ndikadali kukangana ndi kondakitala za chenje.

Madzulo amenewo ndidasonkhanitsa banja lonse, ndipo nditaimirira pakati pa balaza, nditatsokomola monga achitira mafumu, ndidalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo, 8 koloko ikakwana, aliyense wovala yunifomu ya sukulu akhale atagona, ndi kuti lamuloli likhale ngati la Amedi ndi Aperisi, losasinthika. Owerenga anzeru aona kale kuti ine yunifomu sindivala. Ndidakhala pansi mtima uli mbee, osakumbukira kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amene sadagonekepo mwana wa Sitandade 3 sadziwa kuti ludzu lonse la tsiku limadikira kuti nyali izimitsidwe. Mphatso adayamba wapempha madzi, atamwa adafuna kupita panja, atabwerako adapeza kuti m'neti mwalowa udzudzu umodzi umene, malinga ndi umboni wake, unali ndi cholinga ndi iye yekha, ndipo udzudzu utaphedwa, mutu wake udatulukiranso pakatani ndi kufunsa, "Ababa, kodi nsomba zikamagona sizimira?" Mwana Samueli adadzutsa Eli katatu kokha, ndipo womuitanayo anali Yehova, wanga sawerenga maulendo, ndipo omuitana ndi mafunso amene ngakhale akuluampingo sangawayankhe popanda kuitanitsa msonkhano, monga lakuti kodi Adamu anali ndi mchombo.

Apo ndidakumbukira makulidwe athu kwathu ku Dedza, kumene nkhani yoti mwana akusowa tulo ikadamveka ngati ya malodza. Tinkaweta mbuzi tsiku lonse, kusewera mpira wachikulunga mpaka dzuwa litalowa, kudya, kenaka kuzungulira moto agogo nayamba kuti "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse". Ndipo mayankhowo ankacheperachepera, mawu akuzilala mmodzimmodzi, kufikira agogo atazindikira kuti akusimbira zikuni. Anyamata tinkapita kugowero, atsikana kukuka, ndipo poti mafuta a koloboyi anali a mtengo wake, mdima unkabwera pa nthawi yake tsiku ndi tsiku popanda woupikisa. Ndidati m'mtima mwanga, nzeru za makolo sizikalamba. Ndidakhala m'mphepete mwa mphasa ya Mphatso ndi kuyamba nthano ya Kalulu ndi Fisi, mawu nditawatsitsa bwino, ndipo ndikuchitira umboni kuti njira imeneyi ndi yamphamvu zedi, pakuti Kalulu asanafike n'komwe kumunda wa mfumu, tulo tidabwera tambiri. Ndidadzidzimuka usiku ndili chigonere pamphasapo, nditafunditsidwa chitenje, mwini mphasayo ali pabalaza akukazinga mtedza ndi amake, akuwafotokozera malo amene ababa adasokoneza nthano. Usiku wina ndidatsata chitsanzo cha mfumu Ahaswero, imene itasowa tulo idaitanitsa buku la mbiri kuti aiwerengere. Ndidamuwerengera mwanayo malamulo a banki m'khonde ya amake, ndime ndi ndime, kufikira pa chindapusa cha wobwera mochedwa. Mwanayo adafunsa mafunso anzeru pa ndime iliyonse. Amene adagona ndi wowerenga.

Mnansi wanga, munthu wa ana asanu ndi awiri, adandilangiza kuti ndisiye zachizunguzo ndi kumuuza mwanayo kuti kunja kuli fisi wodya ana osagona. Uphungu umenewu ndikuutsutsa pamaso pa onse, ngakhale tonse tidaleredwa nawo, chifukwa mwana amene wauzidwa kuti fisi ali pakhomo sagona, amalondera. Nditauyesa, popeza chimbudzi chathu chili panja, kumene fisiyo akuti ali, m'mawa mwake mphasa ndi bulangete zidayanikidwa padzuwa, anthu odutsa akuona. Dokotala uja adati kukodzera pogona n'kofala pa msinkhu umenewu, ndipo chikwapu ndi kunyoza sizichiza, zimangowonjezera mantha amene amabanso tulo.

Ulendo wachiwiri wa kuchipatala mayi a kunyumba adandiperekeza, ndipo ndikulangiza amuna anzanga kuti zotere azizipewa. Dokotala adafunsa ngati m'nyumba muli nsikidzi, ngati mwana amadzikanda kumbuyo usiku monga achitira wa njoka za m'mimba, ngati amagona ndi njala, ngati chipinda chimatentha kwambiri, pakuti pansi pa malata mu Okutobala ngakhale wolungama sagona. Zonsezi tidayankha bwino. Adafunsanso ngati mwanayo amaliza mkonono, chifukwa tinyama ta kukhosi tikatupa timatsekereza mpweya, mwana n'kumadzidzimuka usiku wonse osadziwa, n'kudzuka ali wotopa. Mayi adayankha modekha kuti mkonono m'nyumbamo ulimo, wogwedeza ndi malata omwe, koma si wa mwana.

Kenaka adafunsa chimene mwanayo amamwa madzulo. Tsono ine ndili ndi mwambo, umene ndidautengera kwa malemu bambo anga, wakumwa tiyi wa masamba ambiri nditatha kudya, tiyi wathu yemweyu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo poti sindine womana, mwana akaima pambali ndimamutsanulira m'kapu yake ya pulasitiki. Dokotala adati m'tiyi, m'khofi ndi m'zakumwa zakuda za m'mabotolo zija muli caffeine, amene amatsekereza tulo, ndipo patapita maola ngati asanu theka lake limakhala likadali m'magazi. Ndiye kuti kapu ya madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pakati pa usiku. Adafunsa za foni. Adalongosola kuti kunja kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timauza thupi kuti usiku wafika, ndipo kuwala kolowa m'maso, kwa babu, kwa kanema kapena kwa foni yoyandikizidwa kumphuno, kumachedwetsa timadzito, thupi n'kumayesa kuti kukadali masana. "Kodi mwanayu ali ndi foni?" Ndidayankha monyadira kuti ayi, ine sindilera ana motero. "Ali nayo ya abambo ake," adatero mayi, "amamupatsa kuti aonere makatuni, asawasokoneze pa mpira."

Pano ndiyenera kudziteteza, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Masewera akuluakulu a Champions League amayamba 9 koloko kapena 10 koloko usiku pa nthawi ya kuno kwathu, malinga ndi nyengo ya ku Ulaya, ndipo amatha cha pakati pa usiku. Nthawi imeneyo sindidaiike ndine. Khoma la pakati pa balaza ndi chipinda cha ana silifika kudenga. Silidamangidwe ndi ine. Ndipo ngati munthu, timu yake itagoletsa mphindi yomaliza, afuula kuti "Chigoli!" nagwetsa mpando, amene angatche zimenezo phokoso ndi yekhayo amene sadakondepo kanthu m'moyo mwake. Ndidafotokoza zonsezi momveka bwino. Dokotala adalemba kanthu m'buku la mwana, ndipo sadandionetse.

Za Tadala ndi zina. Iye akukonzekera mayeso a PSLCE amene MANEB imalembetsa ana a Sitandade 8, ndipo ndidamupeza usiku wina mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, kope lili pamaondo, akuti anzake adamuuza kuti potero tulo sitibwera. Ndidakondwa kuti ndabala mwana wakhama, ndipo ndidakauza anzanga kuntchito. Koma dokotala adati zimene mwana waphunzira masana zimakhazikika m'mutu iye ali m'tulo, ndi kuti timadzi tokulitsa thupi timatuluka kwambiri m'tulo tofa nato, kotero kuti wochezera usiku ndi buku amafika m'kalasi ngati dengu lotungira madzi. Adatinso mwana akamatha msinkhu, thupi lake limayamba kuitana tulo mochedwerapo, mwina ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo si mwano ayi. Koma belu la 7:30 silidziwa zimenezo. Ndidakumbukira Utiko, mnyamata wa ku Trowa, amene adawodzera pazenera Paulo atatalikitsa mawu kufikira pakati pa usiku, nagwa pansi kuchokera pamwamba. Ndipo ndidaona kuti pa nkhani imeneyo Malembo sadzudzula mnyamatayo.

Umboni womaliza udabwera wokha sabata imene magetsi adazima madzulo motsatizana, foni itatha moto, kanema ali chete. Tidadya molawirira kuti tione mbale, tidacheza pang'ono pa kandulo, ndipo pofika 8 koloko nyumba yonse inali zii, ana akudzuka okha m'mawa asanagwedezedwe. Mayi a kunyumba sadanene kanthu, koma ndidaona m'maso mwawo kuti akusunga mawu.

Magetsi atabwerera, lamulo langa lija lidakonzedwa ndime imodzi: mawu akuti "wovala yunifomu" adachotsedwa, m'malo mwake mudalowa akuti "aliyense wopuma mpweya m'nyumba muno". Tsopano nsima imaphikidwa dzuwa likulowa, yanga n'kuvundikiridwa. Tiyi ndi wa m'mawa basi. Ana amasamba, kulongedza makope, kupemphera ndi kulowa m'neti pa nthawi imodzimodzi, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, chifukwa akuti thupi limazolowera ndondomeko ndipo silidziwa za holide. Tadala yekha amaloledwa kuwerenga mpaka 9 koloko, mapazi ali pouma. Foni yanga, 7 koloko ikakwana, imalowa mumphika wopanda kanthu pamwamba pa kabati, chivundikiro n'kuikidwa, ndipo ndikaimva ikunjenjemera m'menemo ndi mauthenga a pa WhatsApp, ndimayang'ana kudenga ngati munthu amene sadamve. Inki yofiira sidabwerenso m'kope la Mphatso, ndipo aphunzitsi atayamikira, ndidalandira kuyamikako m'dzina la banja, popeza lamulolo, pambali pa ndime imodzi ija, lidachokera pakamwa panga.

Chotsala ndi pempho kwa inu amene timakwerera limodzi minibasi ya ku Limbe m'mawa wa Lachitatu ndi Lachinayi. Mukaona bambo wa jekete lotuwa, wa maso oyera bwino ngati wagona mokwanira, akutchera khutu ku zokamba zanu za mpira wa usiku, muuzeni zigoli ndi amene adagoletsa, kuti akafike kuntchito ali ndi chonena. Koma chonde musamufunse ngati adaonera, chifukwa ndi mkulu wa mpingo ndipo sayenera kunama m'mawa.