Atambala 117 m'khola limodzi

Agogo anga aakazi sankasunga atambala awiri. Katambala kakangoyamba kukanda kukhosi m'mamawa, kuyeserera kulira, iwo ankayamba kufunsa ngati pali mlendo amene akubwera sabata imeneyo. "Atambala awiri salira m'khola limodzi," ankatero uku akunola mpeni pamwala. Ndikunena atambala a nthenga, abale. Wa pansalu ya chipani ndi wa m'thumba uja tiyambe tawaika pambali.

Mwambiwu ndinaumvetsa bwino tsiku lotsekera sukulu. Ana tonse pansi pa mtengo, makolo kumbuyo, aphunzitsi n'kumaitana mayina kuyambira nambala wani mpaka wakumchira. Kunyumba panalibe wofunsa kuti waphunzira chiyani teremu yonse. Funso linali lakuti, "Wakhala nambala chani?" Ndipo nambala wani ankakhala mmodzi basi. Awiri akalingana malikisi, aphunzitsi ankawonkhetsanso mpaka theka la malikisi lipezeke penapake.

Ndinkayesa kuti ndi matenda athu okha. Kani ku America nambalayo amayenda nayo mpaka pakhomo pa yunivesite. Wophunzira akamafunsira malo, sukulu yake ya sekondale imatha kulemba kuti uyu ndi nambala 14 mwa ana 400, ndipo osankha amaiyang'ana pamodzi ndi magiredi, makalata a aphunzitsi ndi nkhani imene mwanayo walemba yonena za moyo wake. Woposa onse ali ndi dzina lakelake, valedictorian, ndipo ndi iye amalankhula mawu otsanzika pa mwambo womaliza sukulu. Kunena mwachidule, ndiye tambala wa kholalo.

Vuto ndi lakuti makola ndi ambiri. Masukulu a sekondale m'dzikomo ndi oposa 20,000, ndiye kuti chaka chilichonse kumatuluka atambala oposa 20,000, aliyense atazolowera kuti akalira kumacha. Mu 2022 yunivesite ya Harvard inalandira makalata 61,220 ofunsira malo, n'kutengapo anthu 1,954. Ngakhale akanati asankhe manambala wani okhaokha, ambiri akanabwerera ndi zikwama zawo. Taganizani mwana amene chiyambire sanaonepo msana wa mnzake pa mndandanda, lero akuuzidwa kuti pepani, olira ngati inu tili nawo kale.

Kumene nambala ili ndi mano enieni ndi ku Texas. Mu 1996, pa mlandu wa Hopwood, khothi linaletsa mayunivesite a kumeneko kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira. Aphungu, motsogozedwa ndi mayi Irma Rangel, anapeza njira yodutsira kuseri. Chaka chotsatira, 1997, bwanamkubwa George W. Bush anasainira lamulo lakuti aliyense amene wamaliza sekondale ali m'gulu la ana 10 oyambirira pa 100 aliwonse a pasukulu yake, malo ake ku yunivesite ya boma ngotsimikizika. Kaya sukuluyo ndi ya ana a mabwana ku Dallas, kaya ndi yakumudzi kufupi ndi malire a Mexico, lamulo silifunsa. Khola lililonse litumize atambala ake.

Ineyo lamuloli ndimalikonda, ndivomere. Tambala amene wakula ndi madeya ochepa, akudzipalasira yekha kudzala, n'kulirabe mokweza kuposa anzake, waonetsa kanthu kena kamene mayeso saona. Koma lili ndi kachinsinsi koseketsa. Limabweretsa ana a mitundu yosiyanasiyana ku yunivesite pa chifukwa chakuti masukuluwo ngogawikana kale, ina ya azungu ambiri, ina ya akuda ambiri, ina ya olankhula Chisipanishi. Woweruza Ruth Bader Ginsburg anainenapo mfundo imeneyi mu 2013. Mankhwalawo amagwira ntchito pokhapokha matendawo akhalepobe.

Tsono makolo si ana. Anakhala pansi n'kuwerengera. Ngati mwana ali nambala 60 mwa 400 pasukulu ya ana anzeru zoopsa, bwanji osamusamutsira kutsidya, kumene magiredi omwewo angamuike pa nambala 20? Akatswiri a zachuma atatu, Julie Cullen, Mark Long ndi Randall Reback, anafufuza n'kupeza kuti mabanja ena anachitadi zimenezo: anasankha dala sukulu yopanda mpikisano waukulu. Agogo sanaganizepo zoterezi. Kwa iwo tambala wachiwiri ankapita mumphika. Ku Texas amamunyamula m'khwapa usiku, kukamuika m'khola la anapiye, m'mawa n'kumati tamvani mawu ake mwana wathuyu.

Amene sanasamuke amamenya nkhondo ya timanambala ta pambuyo pa kadontho. Giredi ya A imakhala ndi mapointi 4, koma m'masukulu ambiri A wa phunziro lovuta, la mtundu umene amautcha AP, amamuwerengera 5. Ndiye mwana amene avereji yake ili pa 4.6 akatenga phunziro la nyimbo, n'kukhoza bwino lomwe, n'kupeza A, avereji ija imatsika. Wakhoza, koma wagwa. Mnzake amene anakhala osatenga kalikonse pa ola limenelo amamudumpha. Motero mumapeza mwana wokonda kuimba akuthawa kwaya kuti ateteze nambala. Tambala wosiya kulira pofuna kusunga udindo wa utambala, ameneyo ngakhale m'nthano za kalulu sindinamumvepo.

Ndipo khomo likunka lichepa. Pofika 2008, ana olowera lamuloli anali atadzaza malo pafupifupi 8 pa 10 aliwonse a chaka choyamba pa University of Texas ku Austin, yomwe aliyense amailimbirana. Mu 2009 aphungu anailola kuti malo otere asapitirire 75 pa 100, ndipo mzere unayamba kukwera: 8 oyambirira pa 100 mu 2011, kenako 7, kenako 6, ndipo olowa mu 2026 anauzidwa kuti ndi 5. Mtsikana wina, Abigail Fisher, anamaliza sekondale mu 2008 ali m'gulu la 12 oyambirira pa 100. Mzere unamuphonya pang'ono, ndipo pa malo otsalawo sanatengedwe. Anakasuma kuti anamusala chifukwa ndi mzungu, mlandu unafika kawiri ku khothi lalikulu la dzikolo, ndipo mu 2016 anagonja. Nthawi imeneyo n'kuti atatenga kalekale digiri yake ku Louisiana State University. Mlandu unatenga zaka zambiri kuposa sukuluyo.

Masukulu ena atatopa ndi misozi ya ana ndi matelefoni a makolo, anangoti tisiye kuwerenga nkhuku. Ambiri, makamaka a anthu opeza bwino, salembanso nambala pa lipoti. Amati ndi chifundo, ndipo mwina n'zoona, koma palinso nzeru ya pamsika: ngati ana ako onse ngakuthwa, ukamawaika pamzere ndiwe wekha ukuuza Harvard kuti uyu ndi nambala 150. Bola kukhala chete, osankhawo adziwerengere okha. Ndipo amadziwerengeradi. Amatenga magiredi a mwanayo, kuwayerekeza ndi chikalata chofotokoza sukuluyo komanso ana ena ochokera komweko, n'kudziwa pamene waima. Nambala ija yatuluka pakhomo, yalowera pawindo.

Koma amene anaugwetsa mwambi wa agogo chagada ndi a sukulu imene pa nthawiyo inkatchedwa Washington-Lee ku Arlington, m'chigawo cha Virginia. Iwo anati aliyense wofika avereji ya 4.0 ndi valedictorian. Mu 2015, mwa ana 457 omaliza, manambala wani analipo 117. Chaka chomwecho ku Dublin, m'chigawo cha Ohio, masukulu atatu anatulutsa 222. Ndimayesa kuganiza m'bandakucha wa mudzi umenewo. Atambala 117 onse kokoliriko nthawi imodzi, aliyense ndi satifiketi kukhwapa, mwini khola akumwetulira kuti palibe wakhumudwa. Wovutika ndi mlendo wodzagula tambala, amene sakumvanso mawu a aliyense. Ndipo ndimamvera chisoni mwana wa nambala 118. Kwathu kuno ukalephera kukhala nambala wani umati, "Malo anali amodzi." Nanga iyeyo akanena chiyani kwa amayi ake?

Teremu yapitayi mwana wa mlongo wanga anabwera ndi lipoti, nkhope ili pansi. Nambala 17. Amayi ake anali atayamba kale kuwerenga ndalama za yunifolomu ndi makope mokweza, kuti ndi oyandikana nawo omwe amve. Ine monga malume wowerenga nkhani zakunja ndinafunsa funso limene makolo athu sankafunsa: "Munalipo angati?" Akuti 180, kalasi imodzi, mphunzitsi mmodzi. Ndinawerengera pa foni n'kudumpha.

"Achemwali, musamukalipire mwanayu. Ali m'gulu la 10 oyambirira pa 100. Kukanakhala ku Texas, bwenzi boma litamusungira malo ku yunivesite."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, kuno ndi ku Texas? Nanga 16 amene ali patsogolo pakewo ali ndi mitu iwiri?"

Ndinati ndiyankhe, koma ndinakumbuka kuti ku Austin mzere uli pa 5 tsopano, ndiye kuti pa ana 180 amafuna nambala 9. Foni ija ndinaibweza m'thumba mwakachetechete, n'kufunsa ngati madzi a tiyi awira.