Kalata ya ku Joni: Kazulidwe ka Pulagi Yothyokera mu Hedi

Kwa Amalume, ku Insaca,

Pulagi ya injini ya petulo ndi dzino. Ili ndi mutu woyera umene umaonekera kunja, ndi muzu wachitsulo wa mathiredi umene umamangidwa mu hedi, ndipo hediyo ndiye chibwano. Vuto n'lakuti chibwano cha injini zambiri za masiku ano n'cha aluminiyamu, amene ndi wofewa kuposa chitsulo cha pulagi ndipo amafutukuka kwambiri akatentha. Ziwirizi zikalimbana, chimagonja ndi chibwano.

Pulagi imakanirira ikakhalitsa osasinthidwa, dzimbiri ndi mwaye zitagwira muzu. Imaononganso mathiredi ikalowetsedwa mopendeka, ikamasulidwa injini ikadali yamoto, kapena ikamangidwa mopitirira muyeso. Kumanga kotereku n'kofala pa njinga zamoto zotuta matemba a ku Chilwa, zimene mapulagi ake ndi a mamilimita 10 kapena 12 okha, koma amamangidwa ndi sipanala yolumikizidwa ku paipi, womangayo atatsamirapo ndi thupi lonse.

M'magalaja a ku Germiston okonza mateksi a Toyota Quantum, lamulo loyamba ndi kudikira. Injini imasiyidwa kuti izizire, nthawi zina usiku wonse, mwini teksi akuzungulirazungulira panja ngati mbale wa wodwala pakhonde la chipatala. Mapulagi a Quantum amakhala m'mayenje akuya pansi pa makoilo, choncho fumbi limayamba lauluzidwa ndi mpweya wa kompulesa kuti lisagwere mu silinda. Kenako wodwala amabayidwa jekeseni wa dzanzi, amene kuno ndi kachitini ka Q20. Mafutawo akalowerera, pulagi imapotozedwa pang'ono, n'kubwezedwa, n'kupotozedwanso, mpaka ivomere.

Ikakana, imathyoka. Kawirikawiri imadukira pansi pa malo ogwira sipanala: mutu umatuluka bwinobwino, muzu n'kutsala m'kati ngati kapaipi kobooka. Tizidutswa toyera totsalira timatoledwa mosamala ndi pulayazi yopyapyala, chifukwa kamodzi kokha kakagwera m'kati kamakala silinda ndi pisitoni. Muzu umazulidwa ndi kachitsulo kotchedwa easy-out, kamene kamakhomedwa pang'ono ndi hamala kuti kalume, kenako n'kupotozedwa chakumanzere. Ka ngodya zinayi n'kabwino kuposa kopiringizika, chifukwa kopiringizika kamafutukula muzu n'kuupanikiza kwambiri m'chibwano. Kachitsuloka n'kolimba koma n'kosachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera m'menemo dirilo wamba sakaboola. Apo ndiye kuti dokotala wasiya chozulira m'kamwa mwa wodwala, ndipo hedi yonse imachotsedwa kupita nayo kwa akatswiri a makina.

Asamaganize amalume kuti mano othyoka ndi a amphawi okha. Ku America, injini za Ford za malita 5.4 zokhala ndi mavavu atatu pa silinda, zopangidwa pakati pa 2004 ndi 2008, zinkathyola mapulagi pafupipafupi moti kampani ya Lisle inapanga chozulira chapadera cha mapulagi amenewo.

Muzu ukatuluka, amayang'ana nkhama. Mathiredi akangophwanyika pang'ono, amawongoledwa ndi kachitsulo kotsukira mathiredi kopakidwa girisi, ka muyeso wofanana ndi pulagi, monga 14 x 1.25 pa galimoto zambiri. Akatheratu, pulagi imangozungulira osagwira, kapena imalavulidwa galimoto ili pamsewu, ndi phokoso loti apaulendo onse amagona pansi, popeza ku Joni palibe amene amayamba wafunsa chaphulika n'chiyani.

Mankhwala ake ndi nkhama zoikirira. Bowo limakulitsidwa ndi tapu yodula mathiredi atsopano aakulupo. Pisitoni imayamba yatsitsidwa ndipo mavavu a silinda imeneyo ayenera kukhala otseka kuti tapu isawagunde. M'mipata ya tapu mumadzazidwa girisi wogwira tizitsulo todukato, ndipo ikalowa pang'ono imatulutsidwa, kupukutidwa, n'kupakidwanso. Pomaliza silinda imauluzidwa ndi mpweya. Njira yotetezeka kwenikweni ndiyo kuchotsa hedi, koma imafuna gasiketi yatsopano, choncho eni mateksi ambiri amasankha kuti wodwala achitidwe opaleshoni ali chiimire. M'bowomo mumalowa Helicoil, waya wosachita dzimbiri wopotedwa ngati sipuling'i, kapena Time-Sert, kapaipi kolimba ka mathiredi kunja ndi m'kati. Kutalika kwake kuyenera kufanana ndi muzu wa pulagi, monga mamilimita 19 kapena 12.7. Kakatalika kamasuzumira m'chipinda choyakira moto, n'kufiira, n'kumayatsa petulo nthawi isanakwane. Kakaikidwa bwino, chibwanocho chimalimba kuposa mmene chinabadwira, ndipo teksi imatuluka m'galaja ikunyada ngati anyamata a kuno oikitsa dzino lagolide.

Uthenga wa pa WhatsApp wa achemwali unati amayi asiya kudya nsima, akungomwa phala, tsaya litatupa. Limenelo ndi dzino lenileni, ndipo lisazulidwe pakhomo ndi munthu wa pulayazi. Mphwanu watumiza ma rand 600. Amalume awatenge amayi okha panjinga kupita nawo kuchipatala, ndipo akakanena kuti n'zofunika ku Cuamba, apite, malata a nyumba adikire. Ndalamazo ndi zimene zinayenera kulipira lendi ya kachipinda. Bwana wa pagalaja sanalipire mwezi wathawu, masiku a m'pasipoti anatha kalekale, ndipo munthu wotero akaona galimoto ya apolisi amakhota njira ngakhale akuchokera kutchalitchi. Amayi asauzidwe zimenezi. Angouzidwa kuti mwana wawo ali bwino, ndiponso kuti mpunga wa chaka chino amusungireko pang'ono.

Kubwerera ku injini, chotsala ndi kumanga pulagi yatsopano. Imalowetsedwa ndi zala zokha mpaka itakhala pansi, ndipo ikalimba isanafike, imabwezedwa n'kuyambanso, chifukwa ndiye kuti yapendeka. Kampani ya NGK imaletsa kupaka mafuta oletsa kukanirira pa mapulagi ake okutidwa, popeza mafutawo amaterera n'kuchititsa munthu kumanga mopitirira. Pulagi yatsopano ya mamilimita 14 ya wachala imapotozedwa ndi sipanala theka la kuzungulira kapena kupitirirako pang'ono, kuti wachalayo aphwatalale. Pa hedi ya aluminiyamu muyeso wake ndi 25 mpaka 30 Nm, pamene ya mamilimita 10 imangofuna 10 mpaka 12 Nm. Kuno amayeza ndi torque wrench, sipanala yodula ndalama zambiri imene ntchito yake ndi kulira kuti "tyo" muyeso ukakwana, ndipo makaniko wamkulu, wandevu zake, amaimvera n'kusiya pomwepo. Kumene kulibe sipanala yolira, njinga ya matemba imangidwe ndi kasipanala kafupi kamene kanabwera nayo, ndi dzanja limodzi, popanda paipi.

Mphwanu,
ku Germiston