Ukaipa dziwa nyimbo, nanga woipa dala?

Mu May 2025, pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, akatswiri asanu a ku Denmark ndi ku Sweden analumbira pagulu kuti moyo wofewa ausiya. Gulu lawo analitcha Dogma 25, ndipo malamulo ake munthu wa ku Phalombe akawamva amayamba wacheuka, kuopa kuti akumunena. Nkhani ya filimu izilembedwa pamanja. Intaneti ayi. Kuseri kwa kamera kusapitirire anthu khumi. Zipangizo ndi zovala zikhale zobwereka, zahayala, zotola kapena zoti ena anagwiritsapo kale ntchito. Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo, koma sanatiuze chochita ndi munthu wokongola amene wadzipaka matope dala kuti naye amuitane kokaimba.

Malamulowa ndinakawawerengera anyamata ena a pa Migowi omwe amajambula masewero pa foni akaweruka kogulitsa nandolo. Mayeso anakhoza asanalowe n'komwe m'kalasi. Nkhani yawo ili m'kope la mlongo wake wa dairekita, kumbuyo kuli masamu a sitandade 7. Bandulo inatha Lachiwiri. Za anthu khumi zija anaseka mpaka misozi: wojambula alipo mmodzi, ndipo ikafika nthawi yoti akhale wapolisi, foni amamugwiritsa wakuba. Suti ya bwana ndi ya pa kaunjika, yobwereka kwa amalume, ndipo iyenera kubwerera dzuwa lisanalowe poti mawa amalumewo akulalikira.

Dogma 25 isanabwere, akuluakulu a mafilimu a ku Denmark, Lars von Trier ndi Thomas Vinterberg, mu 1995 anaika awo malamulo khumi otchedwa Dogme 95, oletsa magetsi owalitsira ochita sewero, oletsanso kuimika kamera pa miyendo yake. Vinterberg mpaka anaulula ngati tchimo kuti pojambula filimu yake ya Festen anaphimba zenera kuti achepetse kuwala. Pa Migowi tchimo limeneli silingachitike, chifukwa chitenje chophimbira zenera ndi chomwe wavala mayi wa m'sewero.

Pomwe anyamata anga anagwa ndi pa lamulo la Dogma 25 loti theka la filimu likhale lopanda mawu. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndipo sindiwada. Kalowetseni mu vidiyo sho filimu yoti munthu wangoima kuyang'ana nyanja ya Chilwa kwa mphindi zitatu: wina akuwa kuti "yajama!", wina ayamba kuitanitsa ndalama yake pakhomo. Ikadzera kwa a DJ omasulira mafilimu m'Chichewa ndiye basi, chete yense amudzaza: "Apa mkuluyu akuganiza za ngongole ya banki m'khonde, mkazi wake sakudziwa." Nditaonjeza kuti Dogme 95 inaletsanso mfuti ndi kuphana, mmodzi anafunsa moona mtima: "Ndiye achimwene, filimuyo ithera pati?"

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi onena kuti malamulo amapha luso, komanso ndi odzitama kuti ife tilibe malamulo. Tili nawo, osalembedwa, ndipo ndi ankhanza kuposa a ku Copenhagen. Pakhale ndewu. Pakhale sing'anga. Mayi wopeza akhale woipa mtima, wolemera akhale wokhwima, kumapeto wina alape akulira. Amenewa ndiwo amatimanga, chifukwa palibe anawasankha ndipo palibe amawafunsa.

Festen ija, ya mu 1998, zithunzi zake n'zosaoneka bwino, kamera ikungonjenjemera. Koma nkhani yake ndi iyi: bambo wolemera wakwanitsa zaka 60, abale adzaza nyumba, mwana wake wamwamuna waimirira ngati akufuna kuthokoza, n'kuulula kuti bamboyo ankamugwirira iye ndi mlongo wake ali ana. Alendo n'kupitiriza kudya. Inalandira mphoto ku Cannes. Ndiuzeni ngati kudya kotereku sitikudziwa pa chinkhoswe kapena pa sadaka. Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata kuchikamwini n'kuuzidwa kuti anyamule bulangete lake, banja la ku Nkhulambe lomwe namondwe Freddy analisiya pa mchenga mu 2023, nkhani zonsezi sizifuna mfuti. Shemu Joyah, wopima malo pa ntchito yake, anaonetsa ndi The Last Fishing Boat mu 2012 kuti Mmalawi angathe kuifatsira nkhani osaithamangitsa.

Komabe mwambi wa ukaipa dziwa nyimbo uja usatipusitse kuti tikufanana ndi a ku Denmark. Iwo kuipa kwawo n'kochapa. Von Trier atatopa ndi lumbiro lake, pa Dancer in the Dark ya mu 2000 anaimika makamera zana limodzi kujambula magule. Wa pa Migowi akatopa, foni ndi yomweyo yosweka galasi.

Anyamatawo anavomera kuyesako kachigawo kopanda mawu: mwamuna ndi mkazi akhala pakhonde, osalankhulana, nsima ikuzizira pakati pawo. Zinkayenda bwino ndithu, mpaka agogo ena odutsa ndi mtolo wa nkhuni anatula, n'kulowa m'chithunzi kudzawafunsa chomwe ayambanirana, n'kulamula kuti aitane ankhoswe.