Pateni, zipi ndi Lachisanu la telala

Pateni ndi pepala lodulidwa m'zidutswa zofanana ndi mbali za chovala: thupi, mikono, kolala. Wosoka amaiyala pansalu, n'kuibaya ndi mapini, n'kudula motsatira m'mphepete. Ebenezer Butterick wa ku America ndiye anayamba kugulitsa mapateni a masaizi osiyanasiyana mu 1863, ndipo chiyambire pamenepo osoka a pakhomo amakhulupirira kuti diresi limatha Loweruka limodzi.

Silitha. Pateni imayesa kuti anthu a saizi imodzi anaumbidwa m'chikombole chimodzi ngati njerwa, chonsecho chiuno cha munthu chimasintha pakati pa Febuluwale ndi nyengo yokolola. Nacho chitenje chili ndi mwano wake: duwa lake lalikulu likadulidwa mosasamala limakakhala pamalo oti mpingo wonse uziyang'ana posayenera. Kenako pamabwera zipi. Imeneyo ndiye yagwetsa ambiri, moti madiresi osawerengeka agona m'masutikesi kumsana kuli yasa.

Mapeto ake nsaluyo imapita kwa telala wa pakhonde la sitolo, amene pateni sanaigwirepo. Iye amangomuyeza kasitomala ndi tepi, n'kulemba manambala m'kope, n'kumuuza kuti abwere Lachisanu. Kuti ndi Lachisanu liti, satchula.